Tokeni yachinyengo pa AD FS: kodi ndi zoona kuti MFA siingatiteteze?

Nachisale

Moni nonse. Ndimayang'anira makompyuta ndi netiweki pa bungwe lina lomwe si la boma kuno ku Lilongwe, ndipo ogwira ntchito athu onse amalowa mu imelo ya Microsoft 365, mu SharePoint komanso mu pulogalamu yowerengera ndalama ndi dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi, kudzera pa seva ya AD FS (pulogalamu ya Microsoft yotsimikizira anthu olowa) imene ndinaipeza itakhazikitsidwa kale pamene ndinkayamba ntchito. Chaka chatha tinalamula kuti aliyense azitsimikizanso pa foni yake akamalowa, njira yotchedwa MFA, ndipo kuyambira pamenepo ndinkaona kuti nkhani ya kubedwa kwa maakaunti yachepa mphamvu kwambiri.

Tsopano akatswiri amene anatumidwa ndi omwe amatithandiza ndi ndalama kuti adzaunike chitetezo chathu alemba mu lipoti lawo kuti seva ya AD FS ija ndiyo malo oopsa kuposa ena onse, chifukwa munthu amene angaifikire akhoza kudzipangira matokeni achinyengo n'kulowa ngati wogwira ntchito aliyense, ngakhale mkulu wa bungwe, popanda pasiwedi ndiponso osafunsidwa MFA. Akuluakulu anga akufuna ndiwafotokozere m'mawu omveka ngati zimenezi n'zothekadi, kapena ngati ndi njira chabe yotiopsezera kuti tigule zipangizo zina. Ndikupempha amene akuidziwa bwino nkhaniyi andithandize kumvetsa mmene tokeni yotereyi imapangidwira, ngati zinachitikapo kwinakwake, komanso zimene bungwe la anthu ochepa ndi thumba laling'ono ngati lathu lingachite.

Mbewe

Mayi Nachisale, akatswiriwo sakukuopsezani, ndipo chimene alembacho chimachokera m'mapangidwe enieni a njira yolowera kamodziyi, osati m'kulakwitsa kwanu. Wogwira ntchito wanu akatsegula Outlook pa intaneti, Microsoft siiona n'komwe pasiwedi yake. Imamutumiza ku seva yanu ya AD FS, sevayo imafunsa Active Directory, kaundula wa maakaunti a mu ofesi, ngati dzina ndi pasiwedi zili zolondola, kenako imalemba kachikalata ka XML motsatira ndondomeko ya SAML, konena kuti munthuyu ndi wakutiwakuti, ali m'magulu akutiakuti, ndipo watsimikiza kale pa foni. Kachikalata kameneka ndiko tokeni, ndipo AD FS imakasainira ndi kiyi wake wachinsinsi. Microsoft ikalandira tokeniyo imaona ngati siginecha ikugwirizana ndi satifiketi imene bungwe lanu linalembetsa komanso ngati nthawi yake sinathe, ndipo zikagwirizana imamulowetsa munthuyo osabwereranso ku seva yanu kukafunsa ngati inalidi iyo imene inalemba. N'chimodzimodzi ndi kalata ya amfumu: ofesi yoilandira imakhulupirira chidindo, siituma munthu kumudzi kukafunsa ngati amfumuwo anamuonadi mwini kalatayo, choncho amene waba chidindo amalemba kalata m'dzina la aliyense atakhala pakhonde pake.

Mukamvetsa zimenezi muona chifukwa chake MFA siithandiza pamenepa. Ngati kutsimikiza pa foni kumachitikira ku AD FS, chimene Microsoft imalandira ndi mzere umodzi wa m'tokenimo wonena kuti kutsimikizako kwachitika, ndipo amene ali ndi kiyi amangoulemba yekha mzerewo. Kusintha mapasiwedi a anthu onse sikumusokoneza, popeza sanagwiritsepo ntchito pasiwedi ya munthu. Zina zimene amafuna kuti tokeni yake ilandiridwe ndi dzina lolowera la munthu amene akufuna kumuyerekeza ndi nambala yomudziwitsa yotchedwa ImmutableID, ndipo zimenezi akaunti wamba ya m'Active Directory imatha kuziwerenga.

Kiyi mwiniwakeyo amasungidwa atabisidwa mu database ya AD FS, ndipo kiyi wina womubisulira, wotchedwa DKM, amakhala m'Active Directory momwemo. Munthu amene walanda akaunti imene AD FS imayendera, kapena amene wapeza mphamvu za oyang'anira pa sevayo, amatha kutenga zonse ziwiri, ndipo zida zochitira zimenezi monga ADFSDump ndi AADInternals zili poyera pa intaneti chifukwa zinalembedwa ndi ofufuza za chitetezo. Mu 2021 ofufuza a kampani ya chitetezo ya Mandiant anaonetsanso kuti munthu amene ali ndi chinsinsi cha akaunti ya AD FS akhoza kukoka kiyi wobisidwa uja kudzera pa netiweki, pa port 80 imene maseva a AD FS amagawirana zosintha, osalowa n'komwe pa sevayo.

Ofufuza a kampani ya CyberArk ndiwo anaifotokoza njirayi mu 2017 n'kuitcha Golden SAML, koma ambiri anaiona ngati nkhani ya m'mabuku mpaka mu Disembala 2020, pamene kampani ya FireEye inaulula za chiwembu cha SolarWinds. Achiwembu anali ataika kachilombo mu zosintha za pulogalamu ya kampani ya SolarWinds yotchedwa Orion, zimene zinafika kwa makasitomala pafupifupi 18,000, koma iwo anasankha ochepa oti awalowerere mozama, ndipo boma la America linanena pambuyo pake kuti nthambi zake 9 ndi makampani pafupifupi 100 ndiwo anakhudzidwa kwenikweni. Unduna wa zachuma ndi unduna wa zamalonda wa dzikolo inali m'gulu limeneli. M'malo angapo, atangopeza mphamvu pa netiweki ya mkati, anaba kiyi wosainira wa AD FS n'kuyamba kuwerenga maimelo a mu Microsoft 365 ndi matokeni odzipangira, mpaka bungwe la zachitetezo la America la NSA linatulutsa chenjezo lapadera pa nkhaniyi mwezi womwewo. Mu Epulo 2021 boma la America linati chiwembucho chinachitidwa ndi SVR, nthambi ya akazitape ya dziko la Russia. Gulu lomwelo silinasiye AD FS, chifukwa Microsoft inadzalengeza za FoggyWeb mu 2021 ndi MagicWeb mu 2022, tizilombo topangidwira maseva amenewa basi.

Chimene ndingakonde muwauze akuluakulu anu n'chakuti tokeni yachinyengo si khomo loyamba lolowera. Wachiwembu amayenera kukhala atalowa kale ndi kufika pamwamba, ndipo tokeniyo imamuthandiza kuoloka kuchoka pa netiweki ya mu ofesi kupita ku cloud, komanso kukhalitsa kumeneko ngakhale mutamuthamangitsa mu ofesimo. Choncho seva ya AD FS iyenera kusamalidwa mofanana ndi domain controller, seva imene imasunga Active Directory: oyang'anira okhawo amene amafika pa domain controller ndiwo afikepo, achite zimenezo ali pa kompyuta yapadera imene siitsegula imelo, akaunti yake ikhale ya mtundu wa gMSA, umene pasiwedi yake imasinthidwa ndi Windows yokha, ndipo port 80 itsekedwe kwa wina aliyense kupatula seva inzake ya AD FS. Musaiwale mabakapu, pakuti fayilo ya bakapu ya sevayo imene ili pa hadidisiki ya mu diloo ili ndi chinsinsi chomwecho.

Kamwendo

Zonse zimene a Mbewe afotokoza ndi zoona, koma ine ndikuona kuti kwa bungwe ngati lanu, Mayi Nachisale, yankho lenileni ndi kuichotseratu AD FS. Njira yabwino yotetezera kiyi wosainira ndi kumuika mu HSM, kachipangizo kamene kamasaina m'kati mwake osatulutsa kiyi kunja, koma mtengo wake ndi luso lokayendetsera sizigwirizana ndi ofesi imene mwina muli anthu awiri okha a ICT, amene amakonzanso mapulinta ndi kuthamangira jenereta magetsi akazima. Maseva ambiri a AD FS amene ndawaonapo m'mabungwe ang'onoang'ono anaikidwa zaka zapitazo pamene inali njira yotchuka yolumikizira Office 365, ndipo lero palibe chimene akuchita chimene Entra ID, njira ya Microsoft yolowetsera anthu mu cloud, singachite yokha.

Microsoft yeniyeniyo imalimbikitsa kusamukira ku kulowa kwa mu cloud, mwachitsanzo ndi password hash synchronization, imene imatumiza mapasiwedi obisidwa ku Entra ID kuti izitsimikiza yokha, ndipo inaika njira yotchedwa staged rollout yoti musamutse kagulu kochepa koyamba, muone ngati zikuyenda, musanasinthe domain yonse. Mukamaliza, domain yanu imasiya kukhulupirira satifiketi ya AD FS, ndipo kiyi uja ngakhale atabedwa amakhala wopanda ntchito pa Microsoft 365. Mapulogalamu ena amene amadalira AD FS, monga yowerengera ndalama ija, muyenera kuwasamutsa imodziimodzi, ndipo ntchito yotopetsa ndi imeneyo.

Pamene mukukonzekera kusamukako pali chinthu chimodzi choti muchite sabata ino. M'makonzedwe a domain yanu mu Entra ID muli mbali yotchedwa federatedIdpMfaBehavior, ndipo mukaiika pa rejectMfaByFederatedIdp, Entra ID imakana kukhulupirira mzere uja wonena kuti MFA yachitika ku AD FS, m'malo mwake imafunsa yokha. Pamenepo tokeni yachinyengo payokha siikwana pa malo amene malamulo anu a Conditional Access amafuna MFA, bola anthu onse akhale atalembetsa kale njira yawo yotsimikizira, chifukwa akaunti imene sinalembetse imampatsa mpata wachiwembuyo kuti alembetse foni yake. Onetsetsaninso kuti maakaunti a Global Administrator ndi a mu cloud mokha, osachokera ku Active Directory, kuti ngakhale mu ofesi mutagwa chiwembu, wina asathe kudzilembera tokeni ya woyang'anira wamkulu.

Ndiwonjezere kuti kuchotsa AD FS sikutanthauza kuti mu ofesi simutsala chinsinsi chilichonse. Seva ya Entra Connect, imene imakopera maakaunti a Active Directory kupita ku Entra ID, imafunika chisamaliro chomwecho, ndipo mukayatsa Seamless SSO, yolowetsa anthu a mu ofesi osalembanso pasiwedi, mumakhala ndi akaunti yotchedwa AZUREADSSOACC, imene kiyi wake wa Kerberos (njira yolowera ya Active Directory) akabedwa angagwiritsidwenso ntchito popeka matikiti olowera a anthu ena. N'chifukwa chake Microsoft imalangiza kuti kiyi ameneyo azisinthidwa masiku 30 aliwonse, langizo limene ambiri amaliwerenga tsiku loyika lokha.

Nangondo

A Kamwendo, ndikugwirizana nanu kuti Mayi Nachisale asamuke, koma ndikuopa kuti akuluakulu awo angamve ngati akapereka kiyi m'manja mwa Microsoft ndiye kuti nkhani yatha, pamene zimene zinachitika mu 2023 zikutsutsa maganizo amenewo. Kuyambira pa 15 Meyi chaka chimenecho gulu logwirizana ndi dziko la China, limene Microsoft imalitcha Storm-0558, linkawerenga maimelo a akuluakulu a boma la America ndi matokeni achinyengo osainidwa ndi kiyi wa Microsoft mwiniwake. Kiyi ameneyo anapangidwa mu 2016, anali wa maakaunti a anthu wamba monga a Outlook.com, ndipo sankayenera kugwira ntchito pa maakaunti a maofesi, koma mbali ya imelo inkalandira siginecha yake chifukwa olemba pulogalamu ankaganiza kuti laibulale (kapulogalamu kolembedwa kale) imene ankagwiritsa ntchito ikufufuza kale mtundu wa kiyi, pamene sinkatero. Komanso kiyi wakale choncho anali akadali wamoyo chifukwa kampaniyo inasiya kusintha makiyi a mbali imeneyo mu 2021, kusintha kwina kutayimitsa ntchito, ndipo inali isanaike njira yoti azisinthika okha.

Bungwe la boma la America la Cyber Safety Review Board, mu lipoti limene linatuluka mu Epulo 2024, linapeza kuti mabungwe 22 ndi anthu oposa 500 anakhudzidwa, kuphatikizapo Gina Raimondo amene panthawiyo anali nduna ya zamalonda ndi Nicholas Burns amene anali kazembe wa America ku China, ndipo ku State Department (unduna wa zakunja) kokha kunabedwa maimelo pafupifupi 60,000. Linanena mosabisa kuti chiwembucho chikanapewedwa. Chodetsa nkhawa china n'chakuti mu Seputembala 2023 Microsoft inafotokoza kuti kiyiyo ayenera kuti anatuluka kudzera mu fayilo imene imalembedwa pulogalamu ikagwa, koma mu Malichi 2024 inavomereza kuti sinapeze fayilo yotero yokhala ndi kiyiyo.

Mbali ya nkhaniyi imene ikukukhudzani kwambiri, Mayi Nachisale, ndi ya mmene zinadziwikira. Si Microsoft imene inazindikira koyamba. Anali a State Department, m'mwezi wa Juni, ndipo anazindikira chifukwa anali ndi malogi otchedwa MailItemsAccessed, osonyeza nthawi iliyonse imene imelo yatsegulidwa ndi chimene chaitsegula, komanso anali atadzilembera chenjezo lawolawo loyang'ana zachilendo m'malogimo. Nthawi imeneyo malogi amenewa ankapezeka kwa olipira laisensi yodula okha, choncho ena amene anakhudzidwa analibe poonera. Phokoso litakula, Microsoft inawatsegulira makasitomala a laisensi wamba ndipo inawonjezera nthawi yosungira malogi kuchoka pa masiku 90 kufika pa 180. Pitani mukaone ngati kulemba malogi kwa Purview Audit n'koyatsa pa bungwe lanu, ndipo ngati n'kotheka muzikopera malogiwo pamalo ena, chifukwa miyezi isanu ndi umodzi ndi yochepa pa chiwembu cha anthu oleza mtima ngati amenewa.

Palinso msampha wina umene mungakumane nawo posamutsa mapulogalamu anu. Mu Febuluwale 2024 ofufuza a Semperis anafotokoza njira imene anaitcha Silver SAML: ngati Entra ID ikusainira matokeni a pulogalamu ina ndi satifiketi imene munaipangira kunja n'kuikwezamo, ndiye kuti kiyi wake wachinsinsi alinso kwina, mwina mu imelo ya munthu kapena mu foda ya Downloads pa laputopu, ndipo amene wamupeza akhoza kupeka tokeni ya pulogalamu imeneyo. Lolani Entra ID ipange yokha satifiketi yosainira, popeza kiyi wa satifiketi yotero satulutsidwa kunja.

Nachisale

Zikomo kwambiri Bambo Mbewe, a Kamwendo ndi Mayi Nangondo, tsopano ndili ndi zowauza akuluakulu anga, ndipo mbali ya federatedIdpMfaBehavior ndaiona kale kuti pakali pano ikulandira MFA yochokera ku AD FS. Koma mtima wanga sunakhazikike pa chinthu chimodzi. Sevayi yakhala zaka zambiri, anthu angapo amene anachoka ntchito anali ndi mphamvu pa iyo, ndipo kampani ina yakunja inkalowamo pokonza zinthu. Ndingadziwe bwanji ngati kiyi anabedwa kale, popeza mukuti tokeni yachinyengo imaoneka ngati yeniyeni? Ndipo ngati ndikukayika, kodi ndingosintha satifiketi mawa lomwe, kapena kuchita zimenezo kungatseke anthu onse kunja? Pulogalamu yowerengera ndalama ija inalembedwa ndi kampani yaing'ono ndipo imalandira SAML kuchokera ku AD FS yomweyo, choncho ndikufunanso kudziwa zoyenera kuwafunsa eni ake.

Mbewe

Mayi Nachisale, tokeni yachinyengo simungaigwire poiyang'ana yokha, koma mungaigwire poona zimene zikusoweka pambali pake. Munthu akalowa m'njira yoyenera amasiya mapazi malo atatu: mu logi ya sign-in ya Entra ID, pa seva ya AD FS pamene pamalembedwa zochitika za nambala 1202 ndi 1200, zosonyeza kuti chinsinsi chake chatsimikizidwa ndipo tokeni yaperekedwa, komanso kawirikawiri pa domain controller pamene pamaoneka nambala 4769, yosonyeza kuti tikiti yolowera yapemphedwa. Wolowa ndi tokeni yodzipangira amaoneka ku Entra ID kokha, chifukwa sanadutse pa seva yanu. Ntchito ndiye ndi kufananiza mbali ziwirizi n'kufufuza kulowa kumene kulibe mnzake ku AD FS. Muchenjere kuti musafananize chilichonse, popeza Outlook ndi mafoni amadzitsitsimutsira matokeni awo osabwerera ku AD FS, ndipo mukawerengera zimenezo muganiza kuti ofesi yonse ndi ya akuba. Yang'anani kulowa kwatsopano kokha, makamaka kwa maakaunti a akuluakulu ndi a zachuma. Vuto limene mungapeze n'lakuti kulemba malogi amenewa pa AD FS kumachita kuyatsidwa, ndipo ngati sikunayatsidwe, za m'mbuyomo palibe pozionera, mungoyambira lero.

Pa kiyi wa DKM, yatsani kalondolondo pa malo ake m'Active Directory kuti aliyense womuwerenga azilembedwa pa nambala 4662, ndipo akaunti ina iliyonse yosakhala ya AD FS ikaonekera pamenepo muziitenga ngati ngozi. Ku mbali ya cloud, fufuzani mu audit log mawu akuti Set domain authentication ndi Set federation settings on domain, chifukwa wachiwembu amene wapeza mphamvu za woyang'anira safunikanso kuba kiyi wanu, amangowonjezera satifiketi yake kapena domain yake kuti Entra ID iziikhulupirira. Onaninso mapulogalamu olembetsedwa amene awonjezeredwa zinsinsi zatsopano, makamaka okhala ndi chilolezo chowerenga maimelo, pakuti a chiwembu cha SolarWinds ankachitanso zimenezo.

Pa funso la kusintha satifiketi, malinga ndi mbiri ya sevayo imene mwaifotokoza, ine ndikanasintha ngakhale popanda umboni, koma osati mawa m'mawa anthu ali pa ntchito. AD FS imatha kusunga masatifiketi awiri osainira, yogwira ntchito ndi yodikirira, ndipo wakuba amatenga onse, choncho pa kusintha kwadzidzidzi lamulo la Update-AdfsCertificate limayendetsedwa kawiri kuti pasatsale yakale. Mukatero muyenera kudziwitsa Entra ID za satifiketi yatsopano nthawi yomweyo, kupereka yatsopanoyo kwa pulogalamu ina iliyonse imene siidzitengera yokha, ndiponso kuthetsa ma refresh token (matokeni opitirizira kulowa) a anthu onse kuti amene analowa kale ndi tokeni yachinyengo atulutsidwe. Pakati pa masitepe amenewa anthu sangathe kulowa, n'chifukwa chake muchite Loweruka, muli ndi akaunti ya mu cloud mokha m'manja. Ndondomeko yake ndi yofunika kwambiri: yambani ndi kuchotsa maakaunti a amene anachoka ntchito, kusintha chinsinsi cha akaunti ya AD FS ndi kutsimikiza kuti sevayo ndi yoyera, apo ayi kiyi watsopanoyo abedwanso tsiku lomwelo. Mukapeza umboni weniweni wa chiwembu, musafufute kanthu, sungani chithunzi cha sevayo ndi malogi, ndipo dziwitsani Malawi CERT, nthambi ya MACRA yothandiza pa ziwembu za pa makompyuta.

Jere

Ine ndimalemba mapulogalamu, choncho ndiyankhe mbali ya pulogalamu yowerengera ndalama, imene ndikuona kuti mwina ndi yoopsa kuposa mmene Mayi Nachisale akuganizira. Anzangawa akamba za kiyi wobedwa, koma tokeni imapekedwanso popanda kuba kiyi aliyense ngati pulogalamu yolandira siifufuza bwino siginecha, ndipo XML ndi yovuta kwambiri pa nkhani imeneyi chifukwa siginecha imakhala m'kati mwa chikalata chomwe ikuchitsimikizira. Wachiwembu amatenga tokeni yeniyeni yosainidwa, n'kuikamo gawo lachiwiri lokhala ndi dzina la munthu wina, ndipo zimachitika kuti mbali yofufuza siginecha imayang'ana gawo loyamba pamene mbali yowerenga dzina ikuwerenga lachiwiri. Vuto limeneli linafotokozedwa bwino kale mu 2012, koma limabwerabe. Mu Seputembala 2024 laibulale ya ruby-saml inapezeka ndi bowo la CVE-2024-45409, limene linkalola munthu amene ali ndi chikalata chilichonse chosainidwa ndi seva yopereka matokeni kulowa ngati wina aliyense, ndipo GitLab inachita kutulutsa zokonza mwamsanga. Mu Meyi chaka chomwecho GitHub Enterprise Server inatseka bowo la CVE-2024-4985, limene linkapereka mphamvu za woyang'anira pa maseva amene anayatsa kubisa kwa ma assertion a SAML. Ngati makampani aakulu chonchi amapunthwa, kampani yaing'ono imene inalemba yokha kodi yowerengera XML ndi yofunika kuifunsa bwinobwino.

Afunseni kuti akugwiritsa ntchito laibulale iti ya SAML, ya mtundu wanji, ndipo anaisintha liti komaliza. Akayankha kuti anadzilembera okha, chimenecho chilowe mu lipoti lanu. Afunseni ngati pulogalamuyo imakana tokeni yosasainidwa, ngati imakhulupirira satifiketi imene munawapatsa yokha osati iliyonse yobwera m'kati mwa tokeni, ngati imaona kuti Audience ndi Recipient zikunena za iyo, ngati imalemekeza nthawi ya NotOnOrAfter, komanso ngati imakana tokeni imene yagwiritsidwa kale ntchito. Ena amatsegula malire a nthawi kufika maola ambiri chifukwa wotchi ya seva yawo imathamanga kapena kutsalira, pamene chofunika ndi kukonza wotchiyo ndi NTP. Musakhutire ndi yankho la pakamwa, apempheni akupatseni malo oyesera, mutenge tokeni yanu, musinthe chilembo chimodzi m'dzina, kenako muchotse siginecha yonse, muone ngati pulogalamuyo ikana maulendo onse awiri.

Akakuuzani kuti akusamukira ku OpenID Connect ndi matokeni a JWT, n'zabwino chifukwa n'zosavuta kufufuza kuposa XML, koma mafunso ake alipo. Mu 2015 zinadziwika kuti malaibulale angapo ankalandira JWT imene mutu wake ukunena kuti alg ndi none, kutanthauza kuti ilibe siginecha, ndipo ena ankapusitsidwa kuti agwiritse ntchito kiyi wapoyera wa RSA ngati chinsinsi cha HS256. Pulogalamu iyenera kusankhiratu yokha njira yosainira imene imailandira, osamvera zimene tokeni ikudzinenera, ndipo iyenera kuona iss (amene wapereka tokeni) ndi aud (amene tokeniyo yalembedwera). Pa Entra ID iyeneranso kuona kuti tokeniyo ikuchokera ku tenant yanu, ndiko kuti gawo la bungwe lanu mu Entra ID, chifukwa makiyi osainira amenewo amagwiritsidwa ntchito ndi mabungwe ambirimbiri, ndipo pulogalamu yoona siginecha yokha ikhoza kulowetsa munthu wa bungwe lina amene wangodzilembera imelo yofanana ndi ya akauntanti wanu. Pachifukwa chomwecho muwauze kuti azimuzindikira munthu ndi oid (nambala ya munthuyo) pamodzi ndi tid (nambala ya bungwe lake), osati ndi imelo.